Buloko ya injini ikang'aluka kapena kubooka: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe eni galimoto, madalaivala a minibasi ndi anyamata ophunzira umakaniko amandifunsa mobwerezabwereza pagalaja. Ena amafunsa galimoto ili kale pachingwe ikukokedwa, ena amaimba foni ali m'mbali mwa msewu, boneti itatsegulidwa, nthunzi ili tolo. Ndayamba ndi ofewa n'kukathera ofuna zoyezera. Pamene yankho lili kale pafunso lina, ndangokulozerani komweko.

Kodi buloko ndi chiyani, ndipo ili pati pa injini?

Buloko ndi thunthu la injini, chitsulo chachikulu chomwe zina zonse zimamangiriridwapo. Pamwamba pake pamakhala hedi yovindikira masilinda, kunsi kwake sampu yosungira oyilo, ndipo pakati pa buloko ndi hedi pamagona gasketi. M'kati mwake muli masilinda momwe mapisitoni amakwera ndi kutsika, tinjira ta madzi tozungulira masilindawo, tinjira ta oyilo, ndiponso mipando momwe kiranki, chitsulo chomwe mapisitoni amazungulitsa, imagona. Ndiye kuti moto, madzi ndi oyilo zimadutsa moyandikana kwambiri, chozilekanitsa ndi khoma la mamilimita ochepa chabe. Khomalo likang'aluka, zitatuzi zimakumana.

Mabuloko omwe timawaona kuno ali mitundu iwiri. Ena ndi a cast iron, chitsulo chakuda cholemera, monga a injini za dizilo za 3L ndi 5L za Hiace ndi Hilux, 2KD, kapena TD27 ya Nissan Caravan. Ena ndi a aluminiyamu, monga 1NZ-FE ya Probox, Sienta ndi Corolla, kapena 1KR-FE ya masilinda atatu ya Vitz ndi Passo. Dziwani mtundu wa buloko yanu, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu akusiyana malinga ndi chitsulocho.

Amakaniko akuti injini yanga "yanoka". Ndiye kuti buloko yatha?

Ayi, osati nthawi zonse. Mawu oti kunoka timawagwiritsa ntchito pa matenda ambiri. Kawirikawiri amatanthauza kuti mabering'i a konirodi, mkono wolumikiza pisitoni ku kiranki, adyeka ndipo injini ikugogoda kunsi. Mukaizimitsa pomwepo, buloko imapulumuka: kiranki imakapalidwa, mabering'i n'kusinthidwa. Buloko imafa pamene munthu wamva kugogodako n'kumapitirira ulendo. Funsani amakaniko anu akuonetseni ndi maso chomwe chaonongeka, asangokuuzani dzina la matenda.

Nanga chomwe chimapha mabuloko ambiri n'chiyani?

Kutentha. Mwa mabuloko ong'aluka omwe ndatsegula, ochuluka adafera madzi, ndipo chiyambi chake chimakhala kanthu kotchipa: paipi yowola, chivindikiro cha rediyeta chofooka, lamba wa fani woduka, fani yamagetsi yosazungulira, pampu ya madzi yodontha, kapena rediyeta yodzaza dzimbiri ndi matope.

Chitsulo chikatentha chimafufuma, koma sichifufuma mofanana paliponse. Pakati pa masilinda awiri pamatentha kuposa m'mbali, ndipo aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa cast iron. Pa injini yomwe hedi ndi ya aluminiyamu koma buloko ya cast iron, monga 1KZ-TE, ziwirizi zimakokanakokana ndipo gasketi ndiyo imayamba kugonja. Kutentha kukapitirira, hedi imapindika kapena kung'aluka, kenako buloko. Pisitoni nayo imafufuma mpaka kukakamira m'silinda, n'kukanda khoma lake.

Misewu yathu siyichitira chisoni injini yodwala madzi. Chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, cha Chiweta kumpoto, kapena cha Golomoti kukwera ku Dedza, galimoto itadzaza, ili pa giya yachiwiri, mphepo yolowa pa rediyeta ili yochepa: apo m'pomwe vuto lomwe linkabisala m'tauni limaonekera.

Galimoto yawira ndili panjira. Ndichite chiyani kuti buloko ipulumuke?

Imani. Musati ndingofika pa trading paja. Muvi wa geji ya kutentha ukalowa pofiira, kapena nyale yofiira ya kutentha ikayaka pa galimoto zopanda geji monga Vitz ndi Passo, patukani pamalo abwino oyamba omwe mwawaona. Ngati pakutuluka nthunzi kapena madzi akutayikira pansi, zimitsani injini. Tsegulani boneti, koma chivindikiro cha rediyeta musachikhudze kwa mphindi zosachepera 30, chifukwa madzi ake amathovoka n'kukusupulani nkhope ndi manja. Ikazizira, tsegulani pang'onopang'ono ndi nsanza yokhuthala, ndipo thirani madzi pang'onopang'ono injini ikulira.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna muzisunge. Choyamba, madzi akatheratu muvi umatha kutsika. Kachipangizo koyeza kutentha kamayeza madzi, tsono kakatsala pamphepo kamanama. Chachiwiri, madzi ozizira pachitsulo chofiira ndi nkhwangwa.

Ndidalandirapo Hiace ina yomwe idakumana ndi zonse ziwirizi pa Thabwa. Paipi yakunsi idang'ambika. Dalaivala adaona muvi ukukwera, kenako ukutsika, n'kuganiza kuti yachira yokha. Adapitirira mpaka injini idayamba kufooka n'kununkha chitsulo chopsa. Atayima, kondakitala adathamangira pamjigo, n'kudzakhuthulira chigubu chonse m'rediyeta. Dalaivalayo adandiuza kuti adamva kuti the! ngati mbale yadothi yasweka. Titachotsa hedi, tidapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi kuchokera pa silinda yachiwiri kukafika pa yachitatu, ndipo madzi adali atakhazikika pamwamba pa mapisitoni onse awiri. Paipi yomwe idayambitsa zonsezi mtengo wake sumafika ndalama ya ulendo umodzi wa minibasiyo. Zidandiwawa, chifukwa mwini wake adali atangoigula ndi ngongole.

Madzi a pampopi ali ndi vuto lanji? Ndipo si bwino kuchotsa thermostat poti kuno n'kotentha?

Madzi a pampopi, makamaka a pamjigo, ali ndi mchere womwe umamatirira m'tinjira ta buloko ndi rediyeta, monga momwe umachitira m'ketulo. Komanso amadyetsa chitsulo dzimbiri. Coolant ali ndi mankhwala oletsa dzimbirilo, ndipo ndiye ntchito yake yaikulu kuno kwathu. Pangozi thirani madzi aliwonse oyera kuti mufike, koma mukafika akhetseni muike coolant.

Chivindikiro cha rediyeta musachipepute. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita opitirira 1,000, madzi a mumphika amawira pa madigiri 96 kapena 97. Chivindikiro chabwino, cholembedwa 0.9 kapena 1.1, chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Labala wake akatha, injini imayamba kumwa madzi mwakachetechete.

Za thermostat, ndikudziwa kuti amakaniko ambiri amachotsa, koma ine ndimakana. Ntchito yake n'kusunga injini pa kutentha koyenera, ndipo pa injini zambiri za ku Japan imatseguka cha pa madigiri 82. Ikachotsedwa, injini imayenda yozizira m'mawa, imamwa mafuta ambiri ndipo masilinda amadyeka msanga. Pa injini zina thermostat ndiyonso imatseka kanjira kachidule ka madzi, tsono ikachoka madzi ena amangozungulira m'buloko osafika ku rediyeta. Ngati yafa, gulani ina. Kuichotsa kumangobisa chomwe chikuwiritsa galimoto.

Buloko yanga yabooka m'mbali. Chibowo chotere chimabwera bwanji?

Chabooledwa ndi konirodi, mkono wolumikiza pisitoni ku kiranki. Injini ikamazungulira ka 3,000 pamphindi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi. Cholekanitsa bering'i ndi kiranki pa liwiro limenelo ndi kansalu ka oyilo kopyapyala kuposa tsitsi. Oyilo akachedwa kufika, chitsulo chimakhudza chinzake, bering'i imatentha n'kusungunuka, konirodi imayamba kugogoda, kenako imathyoka kapena mabawuti ake amaduka. Chidutswa chotsala pa kiranki chimazungulira ngati chibonga mpaka kutulukira kukhoma.

Oyilo amasowa m'njira zingapo. Amatha chifukwa chodontha kapena kupsa mwini wake osayang'ana. Amakalamba n'kusanduka phala lakuda lotseka kasefa ka m'sampu. Amakhala wachinyengo, wogulidwa m'mabotolo osadziwika. Kapena sampu imagunda mwala pamsewu wafumbi n'kubooka, mwinanso kungophwanyikira m'kati n'kutseka pokokera oyilo.

Bambo wina adabwera ndi Probox pachingwe, m'manja atanyamula jumbo. M'jumbomo mudali theka la konirodi, lopindika, labuluu ndi moto, lomwe adalitola pamsewu. Chibowo cha pabuloko chinkalowa chibakera changa. Adati, "Achimwene, inangoti phu! osachenjeza." Nditafunsitsa, adavomera kuti nyale ya oyilo idakhala ikuphethira pokhota kwa sabata ziwiri. Kasefa ka m'sampu tidakapeza katamatidwa ngati ndi phula. Nyale yofiira ija siyinena kuti oyilo wachepa pang'ono, imanena kuti mphamvu yokankha oyilo yagwa. Ikayaka injini ikulira, zimitsani nthawi yomweyo.

Ndidadutsa pamadzi osefukira, galimoto n'kuzima. Kodi buloko ili pangozi?

Ili pangozi yaikulu, makamaka mukayesa kuilizanso. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Madzi akalowa m'silinda kudzera pa air cleaner, pisitoni imawagunda ngati khoma, konirodi n'kupindika kapena kuthyoka, nthawi zina silinda n'kung'aluka. Dizilo ndiye sichedwa: pa 5L, malo otsala pisitoni ikafika pamwamba amadzaza ndi masupuni aakulu osakwana atatu. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimakokera mpweya m'munsi, kuseri kwa nyale yakutsogolo, moti madzi ofika m'mawondo ndi okwanira, makamaka lole ikadutsa n'kukankha funde.

Ikazima pamadzi, ikankheni kapena ikokeni. Amakaniko achotse mapulagi, kapena ma glow plug ngati ndi dizilo, azungulitse injini kuti madzi atuluke, asinthe oyilo ndi air cleaner, kenako ayeze compression, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda. Kuyezaku musakudumphe. Konirodi yopindika pang'ono imatha kuyenda milungu ingapo isanathyoke, ndipo mapeto ake ndi omwe ndafotokoza pafunso lapitali. Chaka cha namondwe Freddy, mu 2023, ngakhalenso dzinja lililonse madzi akadzaza m'misewu ya m'tauni, iyi ndiyo ntchito yomwe imachuluka.

Mafuta a m'zigubu angaononge buloko?

Angathe, ngati asakanizidwa. Petulo wothiridwa palafini amaphulika nthawi isanakwane, ndipo mumamva injini ikulira ngati misomali m'chitini mukaponda pachitunda. Zikapitirira, pisitoni imasweka m'mphepete n'kukanda silinda. Pa dizilo, madzi ndi zinyalala zimapha ma injector opopera mafuta mu injini, ndipo injector yodontha imasungunula mutu wa pisitoni. Pa nthawi ya mizere ya mafuta aliyense amagula pomwe wapeza, ndikumvetsa, koma mukamva kulira kumeneku musaikakamize.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi buloko, osati gasketi kapena hedi chabe?

Muli pampando wa dalaivala simungadziwe, chifukwa zizindikiro zake n'zofanana: madzi kutha osaona podontha, utsi woyera wosatha ku ekizozi, thovu lotumphuka m'rediyeta injini ikulira, mapaipi kulimba gwa injini itangolizidwa, oyilo kusanduka ngati tiyi wamkaka, kapena silinda imodzi kudumphadumpha m'mawa. Mwa zitatuzi, gasketi ndiyo imafa kawirikawiri, kenako hedi, buloko pomaliza. Tsono musafulumire kutaya mtima, komanso musavomere chigamulo cha munthu yemwe sanayeze.

Injini isanamasulidwe, timapopera mpweya m'rediyeta n'kuona ngati mphamvu ikutsika ndi komwe madzi akutulukira. Timayeza compression pa silinda iliyonse. Palinso mankhwala abuluu omwe amaikidwa pakamwa pa rediyeta, amasintha mtundu ngati utsi wa injini ukulowa m'madzi. Apa timapezanso zinthu ziwiri zomwe zimanamiza anthu kuti buloko yasweka: timbale tozungulira ta m'mbali mwa buloko, ma welch plug, tikabooka ndi dzimbiri, ndi oil cooler, yoziziritsa oyilo, ikabooka n'kusakaniza oyilo ndi madzi. Zonsezi n'zotchipa kukonza.

Hedi ikachoka, pamwamba pa buloko pamatsukidwa mpaka mbee, n'kugonekapo chitsulo chowongoka, n'kulowetsa feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mpata, kunsi kwake m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Pa injini zambiri za Toyota malire ake ndi 0.05 mm. Mng'alu timaufufuza ndi utoto wofiira wolowerera, womwe umatulukira pa ufa woyera wopoperedwa pamwamba. Pa cast iron amagwiritsanso ntchito maginito ndi ufa wachitsulo, koma pa aluminiyamu maginito sagwira. Akuluakulu omwe adandiphunzitsa ntchito ankapaka palafini, kupukuta, n'kupakapo choko: palafini wobisala mumng'alu amatuluka n'kujambula mzere pachokocho. Njirayi imagwirabe. Malo oyang'anitsitsa ndi pakati pa masilinda, mozungulira mabowo a mabawuti a hedi, ndi pa mipando ya kiranki.

Munthu akangosintha gasketi osayeza hedi ndi buloko, mudzabweranso pasanathe miyezi.

Nanga mankhwala a m'botolo othira m'rediyeta, kapena dzira ndi sopo?

Mankhwala a m'botolo amatha kutseka kabowo kakang'ono kwa kanthawi, kukufikitsani kunyumba. Koma satseka pong'aluka pokha, amamatanso timapaipi ta rediyeta ndi ta heater, ndipo mng'alu wofika m'silinda sangaugwire. Dzira, sopo ndi ufa ndi zoipirapo. Chomwe chimandikwiyitsa n'choti ena amathira zimenezi pofuna kugulitsa galimoto. Pogula galimoto yoyendapo kale, tsegulani rediyeta injini ili yozizira muone mtundu wa madzi ake.

Kodi buloko ingawotchereredwe?

Zimatengera malo ndi mmisiri. Mng'alu wa kunja, pakhoma la madzi, kapena khutu lomangirapo sitata likathyoka, zimatheka. Chibowo cha konirodi chimatheka kuikapo chigamba ngati sichidakhudze njira ya oyilo, munsi mwa silinda kapena mpando wa kiranki. Koma mng'alu wa pa mpando wa kiranki, kapena wodutsa pakati pa masilinda kutsikira pansi, ine sindilola kuti ndalama za munthu zipite pamenepo.

Cast iron ndi wovuta chifukwa ali ndi carbon wambiri, pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse. Akatenthedwa malo amodzi n'kuzizira msanga, amauma ngati galasi n'kung'alukanso m'mphepete mwa powotcherapo. Mmisiri wodziwa amayamba waboola timabowo kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire, amakumba kangalande motsatira mng'aluwo, amatenthetsa buloko, amagwiritsa ntchito ndodo za nickel, amawotcherera masentimita awiri kapena atatu n'kugogoda ndi kahamala, kenako amaikwirira mumchenga wouma kapena m'phulusa kuti izizire usiku wonse. Ndodo zowotcherera mafelemu a mawindo ndi zitseko sizigwira ntchito imeneyi, ngakhale mmisiriyo akhale waluso bwanji pa mageti.

Aluminiyamu amafuna makina a TIG ndi mpweya wa argon, ndipo pamalopo payenera kutsukidwa mpaka oyilo yense atachoka. Moto umafewetsa aluminiyamu n'kupinda buloko pang'ono, choncho ikawotchereredwa iyenera kupita ku engineering, kwa amisiri a makina opalira zitsulo, kukayezedwanso pamwamba ndi pa mipando ya kiranki.

Ndamva za "kusoka" buloko. Chitsulo chimasokedwa bwanji?

Ndi njira yokonzera cast iron popanda moto. Amaboola timabowo motsatira mng'alu, kudula mazinga, n'kumangamo timisomali tapadera tolowererana, kamodzi kuluma kanzake, mpaka mng'alu wonse utadzaza. Mopingasa amakhomeramo tizitsulo tokoka mbali ziwirizo kuti zisatayane, kenako n'kusalaza. Poti palibe moto, buloko siyipindika. Amaigwiritsa ntchito kwambiri pa injini za sitima, majenereta ndi malole akuluakulu, pomwe buloko ina ndi yodula koopsa. Pa mng'alu wa kunja kwa buloko ya cast iron, ndimaikonda kuposa kuwotcherera. Pa kagalimoto kakang'ono mtengo wake ungapose wa buloko ina.

Kubowa ndi kuika masilivu n'chiyani? Buloko iliyonse imabowedwa?

Silinda ikakandika kapena kudyeka, ku engineering amaikuza pang'ono ndi makina kuti ikhalenso yozungulira bwino, n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Masayizi odziwika ndi 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm, ngakhale si injini zonse zili ndi onsewa. Yambani mwapeza mapisitoni, muwapereke pamodzi ndi buloko, kuti abowe molingana ndi pisitoni yeniyeniyo. Akabowa amapalamo timizere topingasana tosunga oyilo kuti maring'i akhazikike. Ikabwerako, itsukeni ndi madzi otentha, sopo ndi bulashi mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera. Mchenga wa makina wotsalira m'silinda umadya maring'i atsopano m'masabata ochepa, ndipo petulo yekha sauchotsa.

Ngati chilonda n'chakuya, kapena silinda ili ndi mng'alu waung'ono pakhoma, amaikuza kwambiri n'kukhomeramo silivu, paipi yachitsulo yomwe imakhala silinda yatsopano. Injini zina zidapangidwa kale ndi masilivu osinthika, monga 4JA1 ndi 4JB1 za Isuzu ndi malole ambiri akuluakulu, ndipo izi sizivuta.

Mabuloko a aluminiyamu ndi nkhani ina. Pa 1NZ-FE, masilivu a cast iron ndi opyapyala ndipo adaumbidwira m'buloko momwemo kufakitale, moti a Toyota eni ake amati isabowedwe. Alipo amisiri omwe amaikamo masilivu ena, koma poti injini zimenezi n'zosasowa kuno, nthawi zambiri kugula ina kumaposa.

Kusikima, kupala pamwamba pa buloko kuti pasalale, nakonso kuli ndi malire. Pa dizilo, mukapala buloko mapisitoni amatulukira kwambiri pamwamba. N'chifukwa chake magasketi a injini ngati 3L ndi 5L ali ndi makulidwe osiyana, ndipo amasankhidwa pisitoni itayezedwa kutuluka kwake.

Mabawuti a hedi akungozungulira osagwira. Buloko yatha?

Kawirikawiri ayi. Mazinga a m'buloko ndiwo azuka, ndipo amabwezeretsedwa ndi tizitsulo ta mazinga atsopano, monga Time-Sert kapena Helicoil. Vutoli n'lodziwika pa 2AZ-FE za zaka zoyambirira za m'ma 2000, za mu RAV4, Camry ndi Ipsum, makamaka mabawuti a kumbuyo. Bowo liyenera kubooledwa mowongoka ndi chida cholondolera, osati ndi dzanja lokha.

Apa ndilankhule ndi amisiri anzanga, chifukwa mabuloko ena timawapha ndife. Kumanga hedi ndi sipanala yolumikiza paipi, popanda torque wrench yoyeza mphamvu yomangira ndi ndondomeko ya m'buku, kumazula mazinga. Kusiya oyilo kapena madzi m'bowo la bawuti n'koopsa kwambiri: bawuti ikamatsika imapanikiza madziwo mpaka buloko kung'aluka. Uzirani mabowo onse ndi mpweya. Mabawuti omwe amamangidwa powerenga madigiri a kuzungulira kwa sipanala amatamuka, ayezeni kapena gulani atsopano.

Ndikonze yomweyi kapena ndigule injini ina?

Werengani zonse musanayambe: ku engineering, mapisitoni, maring'i, mabering'i, magasketi, pampu ya oyilo, ntchito ya amakaniko, ndi masiku omwe galimoto ikhale osagwira ntchito. Ndalamazo zikayandikira mtengo wa injini yabwino yochokera ku Japan, gulani injini. Pa galimoto zing'onozing'ono za aluminiyamu zomwe zabooka kapena kuwira kwambiri, yankho limakhala limeneli pafupifupi nthawi zonse. Pa dizilo ya cast iron yomwe yangokandika masilinda, kukonza kumapindula, ndipo mumadziwa chomwe chili m'kati. Njira yapakati n'kugula buloko yokhala ndi kiranki ndi mapisitoni ake, yomwe ambiri amati sub, n'kuikapo hedi yanu ngati yayezedwa n'kupezeka bwino.

Pogula, kaya ndi ku Ndirande, ku Limbe, ku Biwi kapena ku Mzuzu, pitani ndi amakaniko anu. Zungulitsani kiranki ndi sipanala maulendo awiri athunthu, imveke ikulimba ndi kufewa mosinthana, osakakamira. Suzumirani pothirira oyilo. Chotsani mapulagi muwayerekeze: imodzi ikakhala yoyera kuposa zinzake, mwina yatsukidwa ndi madzi. Pemphani kuti sampu itsegulidwe, muone ngati muli tizidutswa tonyezimira. Yang'anani m'mbali monse ngati pali popakidwa penti watsopano kapena pomatidwa. Onetsetsani kuti code ya injiniyo, monga 5L kapena 1NZ-FE, ndi yofanana ndi ya yanu, ndipo mugwirizane polemba masiku obwezera ikapezeka ndi vuto.

Chachikulu, pezani chomwe chidapha injini yoyamba. Rediyeta yotsekeka yomwe idawiritsa yakale idzawiritsanso yatsopano. Ngati konirodi idathyoka, oil cooler, mapaipi a oyilo ndi manifold zimakhala ndi zinyenyeswa zachitsulo, musazisamutsire pa injini ina osatsuka.

Ndikasintha buloko, za mapepala zimakhala bwanji? Nanga a inshuwalansi amalipira?

Nambala ya injini imadindidwa pabuloko, ndipo ndi yomwe ili mu blue book. Buloko ikasintha, nambala yasintha. Sungani lisiti yolembedwa nambala yatsopanoyo, mukadziwitse a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Mukazengereza, zidzakuvutani pa COF, pogulitsa, kapena pachipata cha Mwanza, Mchinji ndi Songwe. Buloko yomwe nambala yake yapalidwa musaigule, ingatchipe bwanji.

Third party silipira galimoto yanu. Comprehensive nayo kawirikawiri siyilipira injini yofa yokha ndi kutentha kapena kusowa oyilo. Za ngozi ndi madzi osefukira, werengani pepala lanu la mgwirizano.

Ndili ku Britain, ena ku South Africa. Akuti kuzizira kumaswa buloko, n'zoona?

N'zoona. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu yake imang'amba cast iron. Kuno kumudzi sitiziona kawirikawiri, koma ku Britain, ngakhalenso ku Johannesburg ndi ku Free State mu Juni ndi Julayi, chizolowezi chathu chothira madzi okhaokha chingakuphereni injini usiku umodzi galimoto ili poimika. Ikani antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Ma welch plug aja musawadalire kuti adzathovoka n'kupulumutsa buloko. Mabowo amenewo ndi otulutsira mchenga poumba buloko kufakitale.

Injini yakonzedwa. Ndiiyendetse bwanji masiku oyamba?

Isanalizidwe koyamba, amakaniko aizungulitse ndi sitata, mapulagi atachotsedwa, mpaka nyale ya oyilo izime. Atulutsenso mpweya wonse m'njira za madzi heater ili yotsegula, n'kudikira mpaka thermostat itseguke ndi fani izungulire, inu mukuona.

Makilomita 1,000 oyamba musaiponde mpaka pansi, musaikokere pa giya yaikulu pachitunda, komanso musaisiye ikungolira pamalo amodzi kwa maola, chifukwa maring'i amakhazikika ikamayenda mosinthasintha liwiro. A minibasi, ndikudziwa kuti ngongole ikudikira, koma sabata yoyamba yendani maulendo a m'tauni ndi katundu wochepa, Chiweta ndi Thabwa zidikire. Oyilo ndi filter zisinthidwe pakati pa makilomita 500 ndi 1,000, ndipo oyilo wotulukayo mumuyang'ane padzuwa ngati muli zonyezimira. Usiku yalani katoni pansi pa injini. M'mawa, musanalize, onani katoniyo, solani dipstick yoyezera oyilo, tsegulani rediyeta, ndipo madzi akatsika masiku awiri otsatizana bwererani nayo kugalaja tsiku lomwelo.